Ndalipira £29.70 pa mankhwala a mwezi umodzi kuno ku England: kodi mtengowu umachokera pati?

Anaphiri, Leeds:
Moni nonse a pa gulu lino. Ndikupempha amene mwakhalitsa kuno kuti mundithandize kumvetsa za ndalama zimene timalipira ku famase tikapita ndi pepala la mankhwala lochokera kwa dokotala. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo dokotala wandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kuwonjezera pa mphumu imene ndakhala nayo kuyambira ndili kumudzi. Wandilembera mitundu iwiri ya mapiritsi a BP ndi inhela imodzi, zonse pa pepala limodzi, koma ku famase andilipiritsa £29.70. Poonana ndi dokotala sindinalipire kanthu, poyezedwa magazi sindinalipirenso kanthu, ndiye ndinkayembekezera kuti mankhwala nawonso akhala aulere. Mankhwalawa ndi a mwezi umodzi wokha, ndipo dokotala wati a BP ndidzakhala ndikumwa mpaka kalekale. Ndili ndi ana a sukulu ndiponso mayi ondidalira kumudzi, choncho ndalama iliyonse imene imatuluka ndimaiwerengera. Kodi umenewu ndi mtengo weniweni wa mankhwalawo, ndipo kodi ndikapita ku famase ina ndingapeze wotsikirapo? Komanso ndifunse mosabisa, kodi pangakhale vuto nditamatenga mitundu iwiri yokha, kapena nditamamwa mapiritsi modumphitsa tsiku kuti bokosi lizikhalitsa?

A Mbewe, Manchester:
Zikomo Anaphiri chifukwa chofunsa poyera, pakuti ambiri amangofika pa kauntala, n'kumva mtengo, n'kubweza mtundu umodzi mwakachetechete. Ine ndimagwira ntchito ku famase, ndipo funso lanuli ndimakumana nalo kawirikawiri. Ndalama imene mwalipirayo si mtengo wa mankhwala, ndiponso si phindu la mwini famase. Ndi ndalama imene boma linakhazikitsa, £9.90 pa mtundu uliwonse wa mankhwala umene walembedwa, osati pa pepala lonse. Inu munali ndi mitundu itatu, n'chifukwa chake zinakwana £29.70. Famase imangotolera ndalamayo m'malo mwa NHS, bungwe la boma loyendetsa zaumoyo kuno, ndipo NHS imaichotsera pa ndalama zimene imalipira famaseyo, kotero kuti kaya mupite ku famase yaikulu ya m'tauni kapena kakang'ono ka pafupi ndi kwanu, mtengo ndi womwewo m'England yense.

Ndalamayi inali £9.35 kuyambira mu 2021, inakwera kufika £9.65 mu Epulo 2023, kenako £9.90 pa 1 Meyi 2024, ndipo mu 2025 boma silinaikweze. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti sigwirizana m'pang'ono pomwe ndi mtengo umene NHS imagulira mankhwalawo. Bokosi la mapiritsi 28 a amlodipine, amene anthu ambiri a BP amamwa, NHS imalipeza pa ndalama yosakwana £2, pamene mankhwala ena amadya mapaundi mazanamazana pa mwezi, koma wodwala wa uku ndi wa uko onse amalipira £9.90.

Bambo Gondwe, Nottingham:
Ndisanalowe m'nkhani ya ndalama, ndiyankhe funso lanu lomaliza monga namwino, achemwali. Chonde musadumphitse masiku ndipo musasiye mtundu uliwonse popanda kukambirana ndi dokotala. BP yokwera nthawi zambiri siipweteka, munthu amadzimva kuti ali bwino pamene mitsempha ya muubongo, mtima ndi impso zikuwonongeka pang'onopang'ono, ndipo chizindikiro choyamba chikhoza kukhala kufa ziwalo. Dokotala akalemba mitundu iwiri ya mapiritsi a BP ndiye kuti waona kuti umodzi pawokha sukutsitsa mokwanira, ndipo iwiriyo imagwira ntchito m'njira zosiyana. Ife anthu akuda vutoli limatipeza msanga ndipo limativulaza kwambiri, n'chifukwa chake ndikulankhula molimba chonchi. Mphumu nayo imapha, makamaka m'nyengo yozizira ya kuno. Ngati ndalama zavuta mwezi wina, uzani wa ku famase kapena dokotala mosachita manyazi, koma njira yochepetsera mtengo ilipo ndipo a Mbewe akufotokozerani.

A Mbewe, Manchester:
Njirayo ndi chiphaso cholipiriratu chotchedwa Prescription Prepayment Certificate, chimene ambiri amangoti PPC. Mumalipira ndalama imodzi, ndipo pa nthawi yonse imene chiphasocho chikugwira ntchito mumatenga mankhwala onse a NHS amene dokotala wakulemberani osalipiranso, kaya ndi mitundu iwiri kapena khumi. Cha miyezi itatu ndi £32.05, cha chaka chathunthu ndi £114.50, ndipo cha chakacho mungathe kulipira m'magawo khumi a £11.45 amene amadulidwa ku akaunti yanu ya ku banki mwezi ndi mwezi.

Tiyeni tiwerengere za inu. Mitundu itatu mwezi uliwonse ndi £29.70, ndipo pa miyezi 12 ndi £356.40. Mukagula chiphaso cha chaka mulipira £114.50, ndiye kuti m'thumba mwanu mutsala £241.90. Ngakhale cha miyezi itatu chikupindulitsani, chifukwa m'malo mwa £89.10 mulipira £32.05, kungoti mukamagula cha miyezi itatu kanayi pa chaka zimakwana £128.20, zomwe zikuposa cha chaka ndi £13.70. Kwa wina aliyense amene akuwerenga, malire ake ndi awa: cha miyezi itatu chimayamba kupindulitsa mukafika pa mitundu inayi m'miyezi itatuyo, ndipo cha chaka chimapindulitsa mukafika pa 12 m'chaka, chifukwa 11 ndi £108.90 pamene 12 ndi £118.80. Zili ngati kugula thumba la chimanga nthawi yokolola m'malo momagula ndowandowa mu Febuluwale.

Chiphasochi chimagulidwa pa intaneti ku ofesi yotchedwa NHS Business Services Authority, kapena pa foni, kapena ku mafamase ena. Sichifuna kalata ya dokotala, sichifunsa malipiro anu, ndiponso sichifunsa mtundu wa viza yanu. Samalani kuti mulowe pa tsamba lenileni la NHS pogula.

Anaphiri, Leeds:
Zikomo kwambiri a Mbewe ndi Bambo Gondwe, ndamva ndipo mapiritsi ndizimwa monga andiuzira. Nanga £29.70 imene ndalipira kaleyi ingabwezedwe ndikagula chiphasocho tsopano?

A Mbewe, Manchester:
Zimatheka, koma pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa anthu ambiri. Pogula chiphaso mungapemphe kuti chiyambire kumbuyo, mpaka mwezi umodzi, kuti chiphimbe tsiku limene munalipira. Komabe kuti ndalama ibwezedwe pamafunika risiti yapadera yotchedwa FP57, osati karisiti wamba kotuluka mu makina, ndipo lamulo limati risitiyo iperekedwe pa nthawi yomwe mukulipirayo, osati tsiku lina. Amene ali nayo amapita nayo ku famase pamodzi ndi chiphaso chake pasanathe miyezi itatu, ndipo ndalama amamubwezera pomwepo. Ngati simunaipemphe tsiku lija, musabwezere chiphaso kumbuyo pachabe, koma chiyambitseni pa tsiku limene mudzakatenge mankhwala a mwezi wamawa kuti musataye masiku. Kwa onse amene mukuganiza zogula chiphaso kapena mukudikira chikalata chokumasulani kulipira, pemphani FP57 nthawi iliyonse imene mwalipira.

Mayi a Tadala, Luton:
Ine ndasokonezeka pang'ono, mundikhululukire. Amuna anga ali ndi matenda a shuga komanso BP, ndipo salipira kanthu ku famase, ngakhale pa mankhwala a BP amene Anaphiri akulipirawo. Iwo sanagule chiphaso chimene mukunenachi. Kodi kusiyanaku kukuchokera pati, popeza onse ndi matenda okhalitsa?

Bambo Gondwe, Nottingham:
Amayi, amuna anu ali ndi chikalata china, chomasula munthu kulipira chifukwa cha matenda, ndipo chimaperekedwa kwaulere. Pali mndandanda waufupi wa matenda amene amalola munthu kuchilandira. Pa mndandandawo pali shuga wofuna mankhwala, kaya mapiritsi monga metformin kapena jakisoni wa insulin, koma osati shuga amene munthu akumulamulira ndi kadyedwe kokha. Palinso khunyu lofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku, chithokomiro chosatulutsa mahomoni okwanira, khansa, matenda a Addison, myasthenia gravis, ndi kulumala kumene kumalepheretsa munthu kutuluka m'nyumba popanda womuthandiza, pamodzi ndi ena ochepa. Amene ali ndi chikalatachi salipira pa mankhwala onse a NHS, osati a matenda amene anamupatsira chikalata okha, n'chifukwa chake amuna anu salipira ngakhale a BP.

Kuthamanga kwa magazi palibe pa mndandandawo, mphumu palibe, sickle cell palibe, matenda a Parkinson palibe. Mndandandawu unalembedwa mu 1968, ndipo kuyambira nthawi imeneyo chimene chinawonjezedwapo ndi khansa yokha, mu 2009. Chikalatacho chimapemphedwa kudzera kwa dokotala pa fomu ya FP92A, ndipo nthawi zambiri chimakhala zaka zisanu. Amayi, chonde yang'anani tsiku lake lothera, chifukwa shuga satha koma chikalata chimatha.

Anabanda, Glasgow:
Ndikuwerenga zonsezi ndi chisoni, chifukwa kuno ku Scotland mankhwala olembedwa ndi dokotala wa NHS ndi aulere kwa aliyense kuyambira mu Epulo 2011. Ku Wales anayamba mu 2007 ndipo ku Northern Ireland mu 2010, kotero kuti pa zigawo zinayi za dziko lino, England yokha ndi imene imalipiritsabe. Ndikutchula izi kuti amene akumva mnzake wa ku Glasgow kapena ku Cardiff akunena kuti salipira asaganize kuti famase yake ikumubera. Ndikuchenjezaninso kuti kukwera sitima ndi pepala lolembedwa ndi dokotala wa ku England n'kubwera nalo ku famase ya kuno sikuchotsa mtengo, chifukwa pepala la ku England limalipiritsidwabe pokhapokha ngati mwini wake ndi womasulidwa kale.

A Kamanga, Birmingham:
Ine ndikuona kuti tikudandaula mopitirira. Achemwali anga kumudzi akapita ku chipatala cha boma amauzidwa kuti mankhwala ndi aulere, koma mashelefu akakhala opanda kanthu amapatsidwa kapepala kuti akagule okha, ndipo kumeneko amalipira mtengo wonse umene wogulitsa wanena, umene unalumpha kwambiri ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuno munthu amadziwiratu kuti ngakhale atadwala bwanji, salipira kupitirira £114.50 pa chaka ngati wagula chiphaso, ndipo mankhwalawo amapezeka. Boma limanenanso kuti pafupifupi mankhwala 9 mwa 10 alionse amene amaperekedwa ku England amatuluka osalipiridwa, chifukwa ana, okalamba ndi ena ambiri ndi omasulidwa. Amene tikugwira ntchito tikaponyapo kangachepe kuti chipatala chiziyenda, ine sindikuona cholakwika.

Bambo Gondwe, Nottingham:
A Kamanga, pa kuyerekeza ndi kumudzi sindikutsutsani, ndipo palibe amene anagulirapo m'bale wake insulin ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene angakutsutseni. Koma chiwerengero mwatchulacho chikusonyezanso vuto lenileni. Ngati mankhwala 9 mwa 10 salipiridwa, ndiye kuti katundu yense wasenzetsedwa kagulu kochepa, makamaka anthu a zaka za pakati pa 19 ndi 59 amene akugwira ntchito ndipo matenda awo sanalowe pa mndandanda wa 1968. Ambiri mwa iwo ndi anthu a malipiro ochepa, ngati osamalira okalamba, oyeretsa ndi ogwira ntchito m'nyumba zosungira katundu. Munthu wa zaka 61 wa malipiro apamwamba salipira kanthu, pamene Anaphiri amene amagwira ntchito usiku akulipira katatu. Sindikuona chifukwa cha zachipatala chimene chingachititse kuti wa chithokomiro amasulidwe koma wa mphumu, amene angafe usiku umodzi chifukwa chosowa inhela, azilipira. Mabungwe a odwala anapanga mgwirizano wotchedwa Prescription Charges Coalition, umene wakhala ukupempha boma kuti liunikenso mndandandawu, ndipo ine ndili kumbali yawo.

Mkanganowu si wa lero. NHS inayamba mu 1948 zonse zili zaulere, ndipo Aneurin Bevan, nduna imene inaikhazikitsa, anatula pansi udindo mu 1951 boma litaganiza zolipiritsa mano oikirira ndi magalasi a maso. Kulipira mankhwala kunayamba mu 1952 pa shileni imodzi, kunathetsedwa mu 1965, n'kubwereranso mu 1968, chaka chimene mndandanda uja unalembedwa. Munthu amene wasiya inhela chifukwa cha £9.90 n'kukagonekedwa m'chipatala amadyera NHS ndalama zochuluka kuposa zimene inatolera kwa iye.

A Kamanga, Birmingham:
Pa nkhani ya mndandanda ndavomera kuti ndi wakale ndipo ukufunika kuunikidwa. Chimene sindikuvomera n'chakuti yankho lake ndi kuchotseratu malipiro kwa aliyense, chifukwa ndalama imeneyo ikachoka iyenera kuchokera kwina, ndipo kwinako ndi msonkho umene ife tomwe timadulidwa pa malipiro.

A Chirwa, Coventry:
Akuluakulu, ndilowe nawo ndi funso la ife ophunzira. Popempha viza ndinalipira ndalama ya zaumoyo, £776 pa chaka chilichonse cha maphunziro anga, ndipo ndikumva kuti a maviza ena amalipira £1,035 pa chaka. Kodi ndalama imeneyi siphimba mankhwala a ku famase? Ndiponso pa pepala la mankhwala kuseri kwake ndinaona bokosi lonena za amene ali pa sukulu. Kodi ndingachonge pamenepo?

A Mbewe, Manchester:
Achimwene, musachonge bokosi limenelo. Ndi la achinyamata a zaka 16, 17 ndi 18 amene ali pa sukulu nthawi zonse, ndipo munthu akakwanitsa zaka 19 sililinso lake ngakhale akhale ku yunivesite. Ndalama ya zaumoyo imene munalipira ndi viza imakupatsani mwayi wogwiritsa ntchito NHS monga mmene nzika ya kuno imachitira, ndipo popeza nzika ya ku England imalipira £9.90, inunso mumalipira. Amene ali pa viza ya ogwira ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu, ngati Anaphiri, sanalipire ndalama ya zaumoyoyo chifukwa viza yawo ndi yomasulidwa, koma ku famase amalipira chimodzimodzi.

Ndikufuna kutsindika za mabokosi a kuseriwo chifukwa ndi pamene anthu athu amapwetekera. Mukachonga bokosi n'kusaina, mwalengeza kuti ndinu womasulidwa, ndipo wa ku famase angathe kukupatsani mankhwala ngakhale simunaonetse umboni. Pambuyo pake mapepala amafufuzidwa pa kompyuta, ndipo akapeza kuti munalibe chikalata chogwira ntchito pa tsikulo, kumabwera kalata yofuna ndalama imene munayenera kulipira pamodzi ndi chindapusa chochulukitsa ndalamayo kasanu, mpaka malire a £100. Pa mtundu umodzi ndiye kuti £9.90 ndi £49.50, zonse £59.40. Pa mitundu itatu ndi £29.70 ndi £100, zonse £129.70. Mukapanda kulipira m'masiku 28 amawonjezera ndalama ina yofika mpaka £50. Kukhala ndi shuga si umboni, kukhala ndi pakati si umboni, ndipo chiphaso chimene chinatha dzulo si umboni. Ngati mukukayika, lipirani, pemphani FP57, ndipo mudzabwezeredwa zikadziwika kuti munali womasulidwa.

Mayi a Tadala, Luton:
Pa za oyembekezera ndithandizepo, chifukwa ndadutsamo. Mayi woyembekezera komanso amene wabereka m'miyezi 12 yapitayi salipira mankhwala, ndiponso salipira kwa dokotala wa mano wa NHS, koma ayenera kukhala ndi chikalata chake, chimene mzamba kapena dokotala amamupemphera. Funsani mzamba pa sikelo yoyamba ngati watumiza pempholo, musangoganiza kuti zachitika zokha. Ana osakwana zaka 16 salipira, ndipo aliyense amene wafika zaka 60 salipira. Mankhwala olera nawonso ndi aulere kwa aliyense.

A Chirwa, Coventry:
Zikomo kwambiri, mwandipulumutsa ku chindapusa. Nanga munthu amene ndalama zake n'zochepa kwenikweni, monga wophunzira amene amaloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata, palibe thandizo lina? Ndimaopa kupempha chilichonse chifukwa viza yanga inalembedwa kuti sindiloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma.

Bambo Gondwe, Nottingham:
Mantha anu ndi omveka, ndipo n'zoona kuti njira ina yomasukira, ya amene amalandira Universal Credit ndi ndalama zina zothandizira ovutika, ndi yotsekedwa kwa ambiri a ife amene tili pa maviza. Koma pali njira ina ya NHS yothandizira anthu opeza zochepa, imene imapemphedwa pa fomu ya HC1. Amaona ndalama zimene mumapeza poyerekeza ndi zimene mumafunikira, monga lendi, ndipo amene ali ndi ndalama zosunga zoposa £16,000 saloledwa. Mukayenerera thandizo lonse amakupatsani chikalata cha HC2, chimene chimaphimba mankhwala, mano ndi kuyezedwa maso. Mukayenerera thandizo la mbali chabe amakupatsani HC3, imene siphimba mankhwala a ku famase. Chithandizo cha NHS sichili pa mndandanda wa ndalama za boma zimene malamulo a olowa m'dziko amaletsa, ndipo ophunzira ochokera kunja amaloledwa kupempha. Ofesi yolangiza ophunzira pa yunivesite yanu ingakuthandizeni kulemba fomuyo, ndipo ndi bwino kuyamba kumeneko popeza amaona mafomu oterewa chaka chilichonse.

A Mbewe, Manchester:
Ndiwonjezere zinthu zina zimene zimathandiza amene ali ndi mtundu umodzi wokha ndipo chiphaso sichingawapindulitse. Mtengo wa £9.90 susintha ndi kuchuluka kwa mapiritsi, kotero kuti dokotala akalemba a masiku 56 m'malo mwa masiku 28, mumalipira maulendo 6 kapena 7 pa chaka m'malo mwa maulendo 13. Dokotala sakakamizidwa kuvomera, ndipo kawirikawiri amakana ngati mankhwalawo angoyambidwa kumene kapena ngati akufuna kumakuyezani pafupipafupi, koma BP ikakhazikika kufunsa sikulakwa. Chachiwiri, mankhwala ena amene amagulitsidwa popanda pepala la dokotala ndi otchipa kugula nokha. Paracetamol ndi ibuprofen wamba m'masitolo akuluakulu sakwana £1 pa paketi yaing'ono, ndipo mapiritsi a chimfine cha mungu monga cetirizine nawonso ndi otsika mtengo kuposa £9.90. Funsani wa ku famase ngati chimene mwalemberedwa chili m'gulu limeneli musanalipire. Mankhwala amene mumapatsidwa mutagonekedwa m'chipatala salipiridwa, chimodzimodzinso a chifuwa chachikulu, a matenda opatsirana pogonana ndi ma ARV akaperekedwa ku kliniki yake. Kwa amayi amene akumwa mahomoni a nthawi yosiya kusamba, pali chiphaso chapadera cha £19.80 pa chaka chimene chinayamba mu Epulo 2023, koma chimaphimba mankhwala amenewo okha.

A Nyirenda, Reading:
Ndifunse funso limene ndikudziwa kuti ambiri ali nalo mumtima. Munthu amene ali ndi chiphaso amatenga mankhwala osalipiranso. Mayi anga kumudzi amamwa amlodipine yemweyo ndipo nthawi zina amasowa. Kodi sindingapemphe dokotala kuti awonjezere mabokosi, ena ndizitumiza kwa iwo ndi anthu opita kumudzi?

Bambo Gondwe, Nottingham:
Achimwene, mtima wofuna kuthandiza mayi ndi wabwino, koma njira imeneyo ayi. Dokotala amalembera munthu amene wamuyeza, ndipo kutenga mankhwala a NHS m'dzina lanu n'cholinga chopatsa munthu wina ndi chinyengo chimene chingakuikeni pa mlandu, ndipo kwa ife amene tili pa maviza komanso amene timagwira ntchito zaumoyo, mlandu wotere umakhudza ntchito ndi chilolezo chokhalira kuno. Kuwonjezera apo, mayi anu akufunika munthu woyeza BP yawo ndi kuona ngati mlingo wa mankhwala ukuwayenerabe, popeza amlodipine amatupitsa miyendo anthu ena ndipo mlingo wa inu sungakhale wa iwo. Ndi bwino kutumiza ndalama kuti agule ku famase yovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, osati pa msika kapena kwa oyenda nawo m'zikwama, ndipo apemphe mankhwalawo ndi dzina la mankhwala enieniwo, osati dzina la kampani, chifukwa amlodipine wopangidwa ndi makampani osiyanasiyana amasiyana mtengo kwambiri pamene ntchito yake ndi imodzi. Kuwagulira makina oyezera BP a pakhomo kungathandizenso kuti akapita ku kliniki azikhala ndi manambala olembedwa.

Anabanda, Glasgow:
Popeza tatchula zopita kumudzi, ndipo ambiri tikukonzekera ulendo wa Disembala, a Mbewe tafotokozani za mankhwala oteteza ku malungo. Kodi chiphaso cha Anaphiri chidzawaphimba?

A Mbewe, Manchester:
Sichidzawaphimba. Ku England mankhwala oteteza ku malungo pa ulendo saperekedwa pa pepala la NHS, koma pa pepala lapadera limene wodwala amalipira mtengo wonse wa mankhwala pamodzi ndi ndalama imene famase yaikapo, ndipo madokotala ena amalipiritsanso polemba pepalalo. Apa ndiye pamene kufunsa m'mafamase angapo kumathandiza, chifukwa mitengo imasiyana, ndipo palibe chiphaso kapena chikalata chomasula chimene chimagwira ntchito, ngakhale kwa mwana kapena kwa munthu wa zaka 60.

Poyerekeza mitengo, werengani mapiritsi a ulendo wonse, osati mtengo wa piritsi limodzi. Atovaquone ndi proguanil, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Malarone, amayambidwa tsiku limodzi kapena awiri musananyamuke ndipo amapitirizidwa masiku 7 mutabwerako, ndiye kuti ulendo wa masabata atatu umafuna mapiritsi 30. Doxycycline ndi wotchipa pa piritsi, koma amapitirizidwa masiku 28 mutabwerako, ndiye kuti ulendo womwewo umafuna 51, ndipo saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 12. Mefloquine amamwedwa kamodzi pa sabata, amayambidwa masabata awiri kapena atatu ulendo usanafike, ndipo sayenera anthu amene anavutikapo ndi khunyu kapena matenda a maganizo. Mukapempha atovaquone ndi proguanil popanda dzina la kampani mtengo umatsika, ndipo mafamase ena amagulitsa kwa akuluakulu popanda pepala la dokotala, wa ku famase akakufunsani mafunso a zaumoyo wanu. Banja la anthu anayi liyenera kuika ndalama imeneyi pa bajeti pamodzi ndi matikiti, chifukwa Disembala ndi nthawi ya mvula ndi udzudzu, ndipo ambiri mwa amene amabwera ndi malungo ku Britain ndi anthu amene anapita kukaona abale kwawo, amene chitetezo cha m'thupi chimene anakula nacho chinatha atakhala kuno zaka zingapo. Anaphiri ndi ena amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, uzani dokotala za ulendo wanu nthawi ikadalipo kuti akulembereni okwanira masiku onse amene mudzakhale kumudzi, ndipo muwanyamule m'chikwama cha m'manja ali m'mabokosi awo olembedwa dzina lanu.